Mitsuko ya Pansi pa Holo

Holo ya pa esiteti ya tiyi ija, cha kumtunda kwa Chimaliro, sinali yokongola, ndipo amene angakuuzeni kuti inali yokongola akukunamizani dzuwa likuswa mtengo. Poyamba inali shedi yoyanikiramo fodya. Fodya atakanika, azungu n'kuyamba kudzala tiyi m'mapiri a Thyolo, bwana woyamba anaisiyira antchito kuti aziimbiramo Lamulungu masana, poti anaona kuti anthu oimba sathawa ntchito msanga. Makoma anali a zidina, denga la udzu, timazenera toti ngakhale mutu wa mwana sungalowe. Komabe anthu ankachokera ku Nsabwe ndi ku Kapichi wapansi kudzamva kuimba kwa mmenemo, ndipo pobwerera onse ankanena chinthu chimodzi, chakuti pansi pa holo ija pamayankha.

Amosi, mmisiri womanga wa pa esitetipo, ankadziwa chimene chinkayankhacho. Iye ndi mkazi wake Lestina anali m'gulu la Alomwe amene anawoloka Ruo ali achinyamata, kuthawa chikoti cha Apwitikizi, n'kudzapempha malo pa esiteti. Malowo ankalipira ndi thangata, kutanthauza kugwira ntchito kwa mwini malo miyezi imene iye wafuna, ndipo wokana ankamugwetsera nyumba. Bwana woyamba uja analetsa ng'oma. Ankati ng'oma imaitana mowa, ndipo mowa umagoneka anthu Lolemba. Amuna anangoti inde bwana, monga mwa masiku onse. Akazi ndi amene sanayankhe kanthu. Tsiku lozira pansi pa holo, aliyense anabwera ndi mtsuko umene anasenza pamutu kuchokera kwawo, anakumba dzenje, n'kuuzondotsa kukamwa pansi, n'kukwirira ndi dothi pang'ono, pamwamba n'kuzira bwinobwino ndi tsiro. Pansi pataumitsitsa, munthu akaponda ndi chidendene pankalira du, du, ndipo mtsuko uliwonse unali ndi liwu lakelake. Bwana ankabwera kudzasuzumira pazenera kufunafuna ng'oma, n'kungopeza anthu opanda nsapato akuimba nyimbo za Mulungu.

Woyambitsa nyimbo anali Lestina. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, woti akakuseka umaseka nawo uku zikukuwawa. Mtsuko wake unali kumanzere kwa mzati wapakati. Kenako kunabwera nthomba, inamusiya ndi moyo koma inapita ndi maso ake. Kuyambira pamenepo sankathyolanso tiyi, sankapita kumadzi, ngakhale kuseri kwa nyumba ankachita kugwiridwa dzanja ndi mwana wawo Teleza, ndipo zimenezi zinkamupweteka kuposa zipsera. Koma Lamulungu likafika, pakhomo pa holo ankakutumula dzanja la Teleza n'kulowa yekha. Ankayenda akuponda, akutchula. Uwu ndi wa amake Peterson. Uwu ndi wa Alesi, wolira ngati mwini wake, mokweza koma mopanda nzeru. Akafika pa wake ankaima chilili, n'kuponda kawiri, n'kuitaya nyimbo m'mwamba, anthu onse n'kuiwakha. Pa dziko lonse lapansi, malo okhawo amene Lestina sanali wakhungu anali m'holo muja, ndipo Amosi ankakhalira sabata yonse kudikira kuti amuone akuyenda yekha.

Chaka chimene tiyi anayambanso kugulidwa bwino kunja, pa esiteti panabwera bwana watsopano ndi dona wake. Donayo sanali munthu woipa, tisamunamizire. Lamulungu lina anaima pakhomo pa holo kumvetsera, ndipo anthu anamuona akupukuta misozi ndi kansalu. Anati mawu otere sayenera kumvekera m'khola. Anati holo ikonzedwe, pa Khirisimasi abwere alendo a ku Limbe ndi ku Blantyre adzamve mmene anthu a pa esiteti yawo amaimbira. Chikondi chake ndi chimene chinaipha holo ija.

Amene anabweretsa uthenga kwa Amosi anali Peterson, kapitawo wa amisiri. Anamupeza akukonza chumuni cha kufakitale.

"Lolemba la mawa lino muyamba kuholo," anatero Peterson. "Udzu uchoke, pakwere malata. Mawindo a galasi. Makoma apakidwe laimu. Mabenchi akupala kale akalipentala. Adona aitanitsanso piyano."

"Nanga pansi?"

"Simenti."

Amosi anaika mpeni wake womangira pa njerwa, n'kutsika pa makwerero.

"A Peterson, inu mukudziwa zimene zili pansi paja. Wa mayi anu uli pakhomo penipeni, timauponda polowa."

Peterson anayang'ana uku ndi uku asanayankhe.

"Ine sindikudziwa kanthu, ndipo inunso simukudziwa kanthu. Mukawauza abwana kuti chiyani? Kuti zaka zonsezi takhala tikuimba ng'oma imene inaletsedwa? Mzungu akaona mitsuko yozondotsa pansi pa nyumba yake, mukuganiza kuti anena kuti ndi nyimbo? Anena kuti ndi mankhwala. Mawa lake notisi, mkuja nyumba zili pansi. Inu ndi mkazi wosaona mukalowera kuti, kubwerera kwa Apwitikizi?"

Zonsezo zinali zoona.

Amosi anayesabe. Tsiku limene dona anabwera kudzaonetsa pamene piyano idzakhale, Amosi anavula chipewa n'kumutsatira pambuyo mpaka atamuona.

"Dona, pansi pano ndi pabwino," anatero. "Ndi polimba. Tingozirapo."

Dona anamwetulira, n'kuyankha m'Chinyanja chake cha kukhitchini. "Fumbi, Amosi. Matekenya. Ana mapazi kuwola." Analoza kamwana ka Alesi kamene kankayenda chotsimphina panja. Apanso zinali zoona, matekenya analimo, ndipo ankadya ana zala. Amosi anakumbukira za notisi zija. Anangovala chipewa chake.

Lamulungu lomaliza anthu anaimba mpaka mawu kusasa. Atamaliza, akazi sanatuluke. Alesi, mayi wamtali amene sankadziwa kunong'ona, anatulutsa kakhasu m'nsalu.

"Ine wanga ndikufukula lero," anatero. "Ndiuika m'dengu, pamwamba masamba a chinangwa, ndani aona? Unaumbidwa ndi mayi anga umenewu. Ngakhale usalirenso, ndizingouona."

Akazi ena anavomereza. Apa ndi pamene Amosi anaimirira, ndipo bwenzi atakhala pansi. Anawauza kuti mtsuko wokhala m'dothi zaka zonsezi ukhoza kuphwasuka m'manja poufukula. Anawauza kuti akakumba onse, Lolemba bwana apeza maenje holo yonse n'kuyamba kufunsa. Kenako anawauza chimene anagona akuganiza sabata yonse.

"Woika simenti ndine. Malo a mtsuko uliwonse ndikuwadziwa. Pamenepo ndidzaika yopyapyala, ngati chikopa cha ng'oma. Azungu adzapeza simenti yawo, ife tidzapeza mitsuko yathu. Mwinanso idzalira kuposa kale."

Sankanama. Ankakhulupirira ndi mtima wonse, monga amakhulupirira munthu amene alibe china choti akhulupirire. Akazi anayang'ana kwa Lestina, amene anali ataimabe pa mtsuko wake.

"Mukunena zoona, abambo ake a Teleza?"

"Manja anga awa, amake Teleza. Anayamba akunamizanipo?"

"Pakamwa ndiye kambirimbiri," anatero Lestina, anthu n'kuseka. "Koma manja ayi. Alesi, bweza kakhasu kako. Mtsuko wa m'nyumba ndi wa madzi. Uwu ntchito yake ili pansi pano."

Alesi anang'ung'udza, koma anabweza. Palibe mtsuko ndi umodzi womwe umene unafukulidwa.

Ntchito inayamba bwino. Udzu unatsika ndi makoswe ake, malata anakwera. Mzati wapakati anauzula, poti denga latsopano linali ndi mitanda yake ndipo dona ankati umatchinga alendo. Amosi zinamuwawa, koma anadzitonthoza kuti mzati si kanthu, chachikulu chili pansi. Anali atalemba timizere ta makala m'munsi mwa makoma kuti adzadziwe popyapyalitsa.

M'mawa wa tsiku loika simenti, anamva ngolo ikulira panja. Atatuluka anapeza ng'ombe zitakoka miyala yoswa, ndipo pamwamba pa miyalayo panali chipika cha bulugamu chokhala ndi zogwirira ziwiri. Kumbuyo kwa ngolo kunali bwana mwini wake, kaliwo ali kukamwa.

Peterson anamasulira. Piyano yafika pa sitima ku Luchenza, ndipo ndi yolemera moti amuna asanu ndi mmodzi inawakanika. Pansi payambe pathiridwa miyala, isinjidwe mpaka ilowe, simenti ibwere pamwamba.

"Auzeni abwana kuti dothi ili ndi louma kale ngati mwala," anatero Amosi. "Miyala tingothira pokhala piyano pokha."

Bwana anamvetsera, ndipo poti anali munthu wofuna kudzionera yekha, analowa n'kuponda pansi ndi jombo. Pansi panayankha. Unali mtsuko wa Alesi, ndipo unalira mokweza monga mwa khalidwe lake. Bwana anachotsa kaliwo kukamwa. Anasuntha pang'ono n'kupondanso, kenako cha kutsogolo, ndipo paliponse pankayankha mokoma, liwu ndi liwu, ngati pakumulonjera.

"Akuti mukumva?" anatero Peterson, maso ali pansi. "Akuti pansi ponsepa pali mphako. Akuti ndi chiswe. Akuti mukanaika simenti pamenepa ikanasweka mwezi usanathe. Musinje kwambiri, ndipo iwo sachoka mpaka phokosolo litatha."

Bwana anakhala pa mgolo pakhomo n'kuyatsanso kaliwo wake. Sanakalipe, sanatukwane munthu. Anali wokondwa kuti wapeza vuto nthawi yabwino.

Osinja anali amuna a pa esiteti pomwepo, ena ana a eni mitsuko, ena amuna awo. Anathira miyala, awiri n'kugwira chipika, kukweza, kugwetsa. Pa malo wamba chinkangoti thi. Chikafika pa mtsuko chinkati du koyamba, du kachiwiri, kachitatu kumveka phwa wapansipansi, dothi n'kulowa ngati mbale. Bwana ankagwedeza mutu, wina n'kuthirapo miyala ina. Woyamba kusweka unali wa amake Peterson, pakhomo paja, ndipo Peterson anapita kukayang'ana ng'ombe zimene sizinkafuna kuyang'anidwa. Amuna aja ankasinja ngati anthu okumba manda, ndipo aliyense akakweza mutu ankayang'ana Amosi.

Atayandikira pamene panali mzati, Amosi anayesa kuwalambalalitsa. Anathira miyala mofulumira kuti pawoneke ngati pasinjidwa kale. Bwana anadzuka, anabwera, anaponda. Mtsuko wa Lestina unali ndi liwu lakuya kuposa yonse, lomveka m'mimba, ndipo unayankha bwino lomwe kupyola m'miyala. Bwana analoza ndi kaliwo.

Amuna awiri aja anakweza chipika, koma Amosi anawagwira mkono.

"Patseni."

Anachinyamula yekha. Unali mtsuko wolimba, woumbidwa ndi dongo la kwawo, umene Lestina anausenza powoloka Ruo madzi ali m'khosi osaugwetsa. Unakana nthawi yaitali. Amosi anasinja thukuta likulowa m'maso, akupempha mumtima kuti usweke msanga, mpaka unamvera.

Madzulo atafika kunyumba, Lestina anali pakhonde akutongola chimanga, ntchito imodzi imene manja ankaitha popanda maso.

"Zayenda bwanji?"

"Simenti isanaume sitingadziwe," anatero Amosi.

"Iuma liti?"

"Imatenga nthawi. Safuna munthu apondepo mpaka Khirisimasi."

Amosi sanali munthu wamantha pokwera chumuni, koma apa anachita mantha. Tsiku lililonse ankadzuka atatsimikiza kuti lero anena, ndipo tsiku lililonse ankapeza Lestina akung'ung'uza nyimbo yatsopano imene ankakonzera alendo, chidendene chikugunda pakhonde, iye n'kubwerera nawo mawu ake. Esiteti yonse inkadziwa. Teleza ankadziwa, ndipo ankapereka madzi kwa bambo ake osawayang'ana. Alesi anasiya kumulonjera, akakumana m'mizere ya tiyi ankatembenuzira dengu kwa iye. Koma panalibe amene analimba mtima kukauza Lestina. Aliyense ankati auzidwe ndi mwini manja aja.

Khirisimasi inafika ndi kamvula kowaza. Holo inali yokongola, zimenezo tivomereze. Makoma anali mbee, magalasi akuwala, pansi posalala ngati mbale ya dona, popanda tekenya ndi limodzi lomwe. Alendo anadzaza mabenchi, akazi atavala zipewa za maluwa. Dona anakhala pa piyano nkhope ikuwala ndi chimwemwe. Oimba anawapatsa nsalu zoyera, ndipo analowa mwakachetechete n'kuima kutsogolo. Amosi anaima kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Teleza anafika ndi mayi ake pomalizira. Pakhomo, monga ankachitira Lamulungu lililonse, Lestina anakutumula dzanja la mwana wake n'kulowa yekha.

Phazi litagunda simenti anadzidzimuka ndi kuzizira kwake. Anaponda ndi chidendene pofuna wa amake Peterson. Panangomveka phatha, ngati munthu wamenya madzi ndi chikhato. Anasuntha n'kupondanso. Anapita kumanja kumene kunali wa Alesi, anaponda kawiri, katatu, mwamphamvu moti chidendene chiyenera kuti chinamupweteka. Kenako anatambasula manja kufuna mzati, n'kumangogwira mphepo. Mvula inakula, malata anayamba kusokosera, mawu a anthu akubwerera kuchokera m'makoma mwachilendo. Lestina anazungulira, anataya kumene kunali khomo, n'kukagunda benchi, dzanja lake n'kugwera pa chipewa cha mlendo wina. Alendo anaseka pang'ono, kuseka kwachifundo. Oimba onse anazyolika.

Dona anagunda piyano kupereka liwu loyambira. Anadikira, n'kugundanso. Woyambitsa nyimbo anali ataima pakati pa holo, manja ali m'mwamba pang'ono ngati mwana wophunzira kuyenda.

"Abambo ake a Teleza!"

Amosi anadutsa pakati pa mabenchi, maso onse ali pa iye.

"Ndili pano."

"Mwana uyu wandisocheretsa," anatero Lestina mwa mkwiyo ndi manyazi. "Wandilowetsa m'fakitale, pamaso pa azungu. Ndigwireni dzanja mundiperekeze kuholo, anthu akundidikira."

Amosi anamugwira dzanja n'kutuluka naye. Panja mvula inkagwa pa tiyi, mizere yobiriwira itatsetsereka mpaka kukalowa m'nkhungu. Anatenga kanjira ka pakati pa mizere chifukwa kanali koyamba kukaona, osati chifukwa kankapita kwina kulikonse.

"Tafulumirani," anatero Lestina. "Alesi akayambitsa yekha aiwononga nyimbo ija."

Anayenda pang'ono. Ndiye kumbuyo kwawo piyano inalira, ndipo pamwamba pake panakwera liwu lokweza la mayi amene sankadziwa kunong'ona, likuyambitsa nyimbo yatsopano ija, ena n'kuilandira mwamantha, popanda phazi ndi limodzi loponda pansi.

Lestina anaima. Anatembenuzira khutu kumene anachokera, ndipo anamvetsera ndime yonse yoyamba mvula ikumutsikira m'zipsera za kumaso.

"Mitsuko yonse?" anafunsa Lestina.

"Yonse."

"Wanga munapatsa ana, kapena munausinja nokha?"

"Ndekha."

Amosi anadikira pakamwa pakuthwa paja. Anakhumba kuti amutukwane, amulalatire mpaka alendo atuluke kudzaonerera, chifukwa zimenezo akanadziwa pozisenzera. Koma Lestina anangokonza nsalu yoyera ija paphewa.

"Tiyeni kunyumba," anatero. "Musanditaye dzanja."